Paseji ndi Masitepe: Kukongoletsa Malo Opanikiza a M'nyumba

Pabalaza timapasamala. Timapagulira makatani, mipando timaiyalira tinsalu toluka, pakhoma n'kupachika chithunzi cha ukwati. Koma tangotsegulani chitseko cholowera ku zipinda zogona, muone mmene nyumba imasinthira nkhope: mdima dzuwa lili paliwombo, khoma lothimbirira ndi manja a ana, thumba la chimanga pakona, njinga yotsamira khoma, nsapato zili mbwee. Kampata kameneka ena amati paseji, ena kolido. M'nyumba zambiri za m'tauni, kaya ku Nkolokosa, ku Area 18 kapena ku Katoto, m'lifupi mwake mumakhala mita imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo zenera mulibe chifukwa uku ndi uku ndi zipinda.

Komatu palibe malo ena m'nyumba amene banja limapondapo kambirimbiri ngati amenewa. Mwana wopita kusukulu amadutsa momwemo. Gogo akadzuka usiku amapapasa khoma lomwelo. Mlendo wopempha kubafa amaona zonse zimene ife eni tinazizolowera mpaka kuleka kuziona. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, choncho musanagule kanthu kalikonse, imani pakhomo la paseji ngati kuti nyumbayo si yanu, muyang'anitsitse.

Zonse za m'kabuku kano zatsamira pa mfundo imodzi: paseji ndi njira. Chokongoletsa chake chikhale pakhoma ndi m'mwamba, pansi pasiyidwe poti miyendo idutse. Masitepe nawo ndi chimodzimodzi, kungoti pa masitepe kulakwitsa kumathyola fupa.

Yambani ndi kutulutsa

Tsiku loyamba silifuna ndalama. Tulutsani zonse. Chimanga chipite kusitolo, njinga ipeze pokhala panja kapena pakhonde lotseka. Nsapato ndizo zimavuta, chifukwa zimabwerera zokha. Ngati palibiretu kwina koziika, uzani kalipentala akukhomereni kashelefu kosaposa masentimita 20 kuchoka pakhoma, koimika nsapato chopendeketsa, ndipo kakhale mbali imodzi yokha. Mukatha, tengani tepi muyeze: posiyidwa poyenda pasachepere masentimita 90. Ndi mpata umenewu umene munthu wonyamula ndowa ya madzi angadutse osakhula khoma.

Kuwala kubwere penti isanabwere

Ambiri amathamangira penti, koma khoma lokongola mumdima ndi khoma lakuda basi. Ngati nyumba ilibe siling'i, njira yotsika mtengo ndi kuchotsa lata limodzi pamwamba pa paseji n'kuikapo lata loonekera. Limodzi lokha, chifukwa awiri atatu amatenthetsa nyumba mu Okutobala. Ngati siling'i ilipo, onani pamwamba pa zitseko za zipinda. Kazenera kakang'ono ka galasi pamenepo kamabwereka kuwala kwa m'chipinda n'kukutsanulira m'paseji ngakhale chitseko chili chotseka. Nyumba zakale zambiri zinali nato timazenera timeneti, ndipo ena anatipaka penti kapena kutitseka ndi katoni. Palani pentiyo, mudzadabwa.

Za magetsi: babu limodzi lamphamvu pakati pa paseji wautali limathobwa m'maso n'kusiya mdima kunsonga zonse ziwiri. Mababu awiri a LED a mawati 5 kapena 7, otalikirana, amawalitsa mofanana ndipo sadya mayunitsi. Sankhani owala mwachikasu pang'ono, amene pabokosi palembedwa 2700K kapena 3000K. Owala mwabuluu aja amasandutsa paseji kukhala ngati wa kuchipatala. Pemphani mmisiri wa magetsi aike swichi kunsonga zonse ziwiri, kuti woyatsa uku akazimitse uko. Ndipo popeza magetsi amazima, khomani kambedza pomwe aliyense akupadziwa, pakhale nyali ya sola kapena yotchaja. Kandulo m'malo opanikiza odutsa anthu ovala zitenje ndi ngozi.

Kalilole amathandizanso, koma pokhapokha ali ndi choti abweze. Muikeni moyang'anizana ndi chitseko chimene chimalowetsa dzuwa. Kalilole woyang'ana khoma lamdima amangochulukitsa mdimawo.

Khoma la mitundu iwiri

Nzeru ya khoma la paseji amayi akumudzi anaidziwa kale. Pozira nyumba, mmunsi mwa khoma amapakamo tsiro lakuda kapena lofiirira, kumwamba n'kusiya koyererako. Si kukongola kokha ayi. Mmunsi ndi momwe mumagwa matope a mvula, momwe nkhuku ndi ana amakhula. M'paseji zilinso choncho: litsiro lonse limathera pansi pa mita imodzi ndi theka, ndipo lambiri lili pansi pa mita imodzi.

Ndiye gawani khoma. Kuyambira pansi kufika masentimita 100 kapena 110, pakani penti yotsukika ya mtundu wozama: wobiriwira ngati masamba a mango, wofiira ngati katondo, wabuluu ngati nyanja madzulo. Kuchokera apo kufika kusiling'i, pakani penti ya PVA yoyera kapena yamtundu wa mkaka. Siling'i ikhale yoyera. Musagawe khoma pakati penipeni. Mzere ukakwera kufika theka, denga limaoneka ngati latsika ndipo paseji amapanikiza kwambiri. Kagawo kamodzi mwa atatu, kapena kupitirirako pang'ono, ndiko kamakhala bwino m'maso.

Mzere wogawawo ndi umene umaulula ntchito yothamangira. Musayeze kuchokera pansi malo ambirimbiri, chifukwa simenti ya pansi siikhala yosalala ndendende. Ikani chizindikiro pamalo amodzi, kenako gwiritsani levulo kapena kapaipi koonekera kothira madzi, monga amachitira amisiri omanga, kuti mupeze msinkhu womwewo kunsonga inayo. Tengani chingwe, chikhutizeni choko, anthu awiri achikoke nga, wachitatu achitukule pakati n'kuchisiya. Chidzasiya mzere woongoka. Matani tepi ya pepala m'mphepete mwake, ndipo muimatule penti isanaumiretu, apo ayi imachoka ndi mphepete mwa penti.

Khoma la kumapeto, limene mumaliona mukangolowa, lichitireni zosiyana. Paseji wautali woonda amakhala ngati mpita wa mbewa chifukwa diso lilibe poima. Mukapaka khomalo lonse mtundu wozama uja, limaoneka ngati layandikira, utali n'kufupika. Ngati kumapetoko kuli chitseko cha kubafa, chitsekocho ndicho chipakidwe.

Penti ingati? Titenge paseji wa mamita 5 m'litali, khoma lake lotalika mamita 2.6. Makoma awiri ndi masikweyamita 26. Chotsanipo zitseko zinayi, patsala pafupifupi 20. Lita imodzi ya PVA pa pulasitala imakwanira masikweyamita 8 mpaka 10, ndipo mupaka kawiri. Choncho chitini cha malita 5 chikwanira kumwamba konse ndi siling'i yomwe, ndipo mmunsi mungafunike malita awiri. Werenganinso pachitini, chifukwa penti zimasiyana, ndipo musalole kuti isungunulidwe ndi madzi kuposa mmene alembera pofuna kuti ichuluke. Penti yamadzimadzi imafuna kupaka katatu kanayi, ndalama n'kupita chimodzimodzi.

Laimu ndi wotchipa ndipo amalola khoma kupuma, koma m'paseji amapukutikira pa zovala za odutsa. Ngati ndiye amene thumba lakwanitsa, mpakeni kumwamba kokha, ndipo tetezani maso, chifukwa amaotcha.

Pali zinthu ziwiri zimene sindifuna muzidumphe. Choyamba ndi chinyezi. Mukaona penti ikufufuma mmunsi, kapena timchere toyera tikutuluka pa pulasitala, makamaka pakhoma logundana ndi bafa, musaphimbe ndi penti ya mafuta. Madzi ali m'katimo adzafuna potulukira, ndipo pofika Febuluwale penti yanu idzakhala ikusendeka ngati khungu la njoka. Pezani kaye gwero: paipi yodontha, matailosi ong'ambika, kapena madzi a padenga ogwera m'tsinde mwa nyumba. Konzani, lolani khoma liume, ndipo pulasitala watsopano mumpatse masabata anayi. N'chifukwa chake nyengo yabwino ya ntchitoyi ndi mvula ikatha, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, fumbi ndi kutentha zisanafike pachimake.

Chachiwiri ndi mtovu. Penti zina za mafuta, makamaka zachikasu ndi zofiira, zimakhala ndi mtovu, ndipo mtovu umaononga ubongo wa mwana mosabwezeka. Mabungwe a WHO ndi UNEP amalimbikitsa kuti mtovu wa mu penti usapose magawo 90 pa miliyoni. Mmunsi mwa khoma la paseji ndi pamene mwana wokwawa amagwira n'kuika chala mkamwa. Funsani penti yolembedwa kuti ilibe mtovu, kapena gulani yamadzi yotsukika. Pochotsa penti yakale musakhule youma. Nyowetsani, kolopani fumbi lake, ndipo ana ndi amayi oyembekezera akhale kutali mpaka mutatha.

Chopachika chinene za eni nyumba

Apa ndi pamene nyumba imapeza nkhope yake. Kalendala wa kugolosale ndi maluwa apulasitiki zimapezeka paliponse, sizinena kuti muno mumakhala ndani. Koma malichero atatu ndi nsengwa ziwiri, zosiyana kukula, zokhomedwa mowunjikana pakhoma loyera, zimakoka diso kuposa chithunzi chogula. Luko la nsungwi lili ndi mizere yakeyake, ndipo lichero silituluka pakhoma kuposa chikhatho. Lisanapachikidwe liyanikeni padzuwa, muligogode kuona ngati mukutuluka ufa wa anankafumbwe, kenako mulipake vanishi wopepuka.

Chitenje nacho. Pafupifupi banja lililonse lili ndi chitenje chosungidwa m'sutikesi, cha malemu amayi kapena cha paukwati, chimene sachivala koma sangachitaye. Dulani kachigawo kamene maluwa ake ali athunthu, kasiteni, kakungeni pa kafelemu ka matabwa opyapyala, mukhome kumbuyo ndi timisomali. Zidutswa zitatu zofanana kukula, zondandalikidwa mzere umodzi, zimatsogolera diso mpaka kumapeto. M'paseji mulinso ubwino woti dzuwa silifika mwachindunji, choncho nsalu siifwifwa msanga.

Zithunzi za banja zikhale mbali imodzi ya paseji, inayo ipume. Mbali zonse zikadzaza, munthu amayenda ngati akufinyidwa. Pakati pa chithunzi pakhale masentimita 150 kuchoka pansi, pamsinkhu wa maso. Ambiri timapachika pafupi ndi denga, n'kumachita kukweza khosi. Mafelemu akhale opyapyala ndi amtundu umodzi, ngakhale zithunzi zili zosiyana zaka. Musanaboole khoma, dulani manyuzipepala molingana ndi felemu lililonse, muwamate ndi tepi, muwasunthesunthe mpaka mtima utakhutira. Pakhoma la njerwa gwiritsani misomali ya konkireti kapena sikuluwu ya pulagi, ndipo musakhome molunjika pamwamba kapena pansi pa swichi, chifukwa waya amayenda momwemo.

Amene ali ndi dzanja la luso angajambule kamzere ka zokongoletsa pomwe mitundu iwiri ija yakumana. M'mapanga a Chongoni ku Dedza, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, muli zojambula zofiira za mabwalo, timadontho ndi mizere. Maonekedwe osavuta otero amadulika bwino pa katoni, n'kumadinda ndi kasiponji. Zojambula zoyera za kumeneko zimakhudza chinamwali ndi gule wamkulu, ndipo ine ndimaona kuti ndi ulemu kuzisiya kumene zili. Chosema chimodzi chopyapyala, monga zimene amasema ku Kungoni ku Mua, chingakwane pakhoma la kumapeto. Chimodzi, osati gulu.

Pansi

Simenti yofiira yopukutidwa bwino siifuna zambiri. Mkeka woonda wa mlaza umakometsa, koma pa simenti ya polishi umatsetsereka, choncho pansi pake muyalepo mphira. Mphepete ikayamba kupindika, uchotseni tsiku lomwelo. Ngati mukuika matailosi, pewani onyezimira. Paseji amalandira mapazi onyowa ochokera kubafa.

Masitepe

Nyumba zosanja zikuchuluka m'mizinda yathu, ndipo ngakhale nyumba wamba yomangidwa pamtsetse, monga zambiri za ku Blantyre ndi ku Zomba, imakhala ndi masitepe atatu anayi pakati pa balaza ndi zipinda. Azakhali anga anathyoka mkono pa masitepe atatu okha. Anali ofiira, opakidwa polishi mpaka kumaonekamo nkhope, onse mtundu umodzi ndi simenti ya pansi. Kunali chisisira, magetsi atazima, iwo atanyamula beseni la zovala. Diso silinaone pomwe sitepe yathera. Anakhala masabata asanu ndi limodzi ndi chikhakha, ndipo mpaka lero dzanjalo silifinya bwino chovala. Kuyambira pamenepo, ndikalowa m'nyumba ya munthu ndimayamba kuyang'ana m'mphepete mwa masitepe.

Choncho popondapo pasapite polishi, ngakhale pang'ono. Mukafuna kupaka, gulani penti ya pansi, ndipo popaka koyamba wazani mchenga wosefa, wouma bwino, penti ikadali yaiwisi. Ikauma sesani wotsala n'kupakanso pamwamba. Phazi limagwira ngati pa msasa. M'mphepete mwa sitepe iliyonse jambulani mzere wa masentimita 5 wa mtundu wosiyana kwambiri, woyera pa chofiira kapena wachikasu pa chakuda. Mzerewu umakongoletsa, komanso ndi umene gogo adzauone mumdima.

Malo osewerera ndi mitundu ndi kutsogolo kwa sitepe, kuja koimirira kumene phazi silipondako. Wokwera amakuona konse nthawi imodzi ngati nsalu yoyalidwa. Mungakupake koyera kuti popondapo paoneke bwino, kapena mtundu umodzi wonka nuzama kuyambira kumwamba kutsika pansi. Matailosi ojambulidwa pamanja, monga a ku Dedza Pottery, amakhala bwino pamenepa. Ngati onse sangakwanike, ikani imodzi pakati pa sitepe iliyonse, kapena dumphani sitepe imodziimodzi. Popaka masitepe amene banja likuwagwiritsa ntchito, pakani yoyamba, yachitatu, yachisanu, musiye zinazo zoti anthu apondepo, ndipo mubwerere pakapita masiku awiri. Yambirani kumwamba, mungadzitsekere.

Chogwirira si chokongoletsa chabe, koma chingakongole. Chikhale masentimita 90 mpaka 100 kuchoka m'mphepete mwa sitepe, chochindikala moti dzanja lichizungulire, ndipo chifike mpaka sitepe yomaliza. Zitsulo zoimirira zisatalikirane kufika masentimita 10, mutu wa mwana ungalowepo. Owotcherera ena amakonda zitsulo zopingasa chifukwa zimaoneka zamakono. Kanani. Kwa mwana wa zaka zitatu amenewo ndi makwerero. Chitsulo chakuda chokhala ndi thabwa losalala pamwamba chimagwirizana ndi mtundu uliwonse wa khoma, ndipo thabwa silizizira m'manja mu Juni.

Ngati nyumba ikumangidwa kumene, imani pomwepo tsiku loumba masitepe. Msinkhu wa masentimita 15 mpaka 18, popondapo 25 mpaka 30, ndi umene mwendo umakwera mosavutika. Chachikulu n'choti onse afanane. Sitepe imodzi ikasiyana ndi anzake ngakhale ndi chala chimodzi, ndi pomwepo anthu azidzapunthwa zaka zonse, chifukwa mwendo umaloweza msinkhu pa masitepe oyamba.

Khoma la m'mbali mwa masitepe lilandire mitundu iwiri yomwe ija, mzere wogawa ukwere motsatira kupendekeka kwake: yezani msinkhu umodzimodzi kuchokera m'mphepete mwa sitepe yapansi ndi yapamwamba, mulumikize ndi chingwe cha choko. Zithunzi nazo zikwere choncho, chilichonse masentimita 150 kuchokera pa sitepe ili pansi pake. Zikhale zazikulu ndi zochepa. Tizithunzi ting'onoting'ono timaimitsa munthu pakati pa masitepe kuti aonetsetse, ndipo amenewo si malo oimapo. Kumwamba kosafikika pakani ndi rola yomangirira ku mtengo wautali. Makwerero oimika pa masitepe agwetsa amisiri ambiri.

Kunsi kwa masitepe ndiko kungapite zija munatulutsa tsiku loyamba. Kachitseko ka matabwa kopakidwa mtundu wa khoma kamabisa nsapato, tsache ndi ndowa.

Kwa okhala m'nyumba za lendi

Funsani eni nyumba musanapake, ndipo mugwirizane polemba ngati ndalama ya penti idzachotsedwe pa lendi. Ambiri savuta ndi mitundu yoyererako. Akakana misomali yambiri, pemphani iwiri yokha: ikani kandodo ka nsungwi kopingasa, ndipo malichero ndi nsalu zilendewere pamenepo ndi ulusi. Posamuka munyamula zonse, mabowo awiri n'kutseka ndi fila.

Abale athu okhala ku Britain, ku Manchester, Leeds kapena Nottingham, nkhani ya malo opanikiza amaidziwa bwino. Nyumba zakale zogundizana za kumeneko zimakhala ndi paseji woonda kuyambira pakhomo penipeni, masitepe otsetsereka kwambiri ali pomwepo, majekete a m'nyengo yozizira atadzaza khoma. Malamulo a ku England a nyumba zatsopano salola sitepe kupitirira mamilimita 220 msinkhu, koma nyumba zambiri zinamangidwa malamulowo asanabwere. Kumeneko penti ya mtovu inali yofala mpaka m'ma 1960, choncho matabwa a masitepe akale asakhulidwe ouma. Kapeti ya pa masitepe ikamasuka, auzeni eni nyumba msanga. Alamu ya utsi imene imakhala m'paseji isapakidwe penti kapena kuphimbidwa ndi nsalu, ndipo njira ya kukhomo ikhale yoyera, chifukwa moto ukabuka ndiyo yothawira. Popachika, pali timapepala tomata tochoka osasenda penti, tokwanira kunyamula lichero kapena felemu la chitenje. Majekete apeze mbedza zisanu pamzere umodzi, ziwiri mwa izo zotsika pa mita imodzi kuti ana azipachika okha. Lichero lochokera kumudzi limalowa bwino pansi pa sutikesi, zovala n'kusanjikiza pamwamba pake.